Njerwa za Estere

Nkhani ya njerwa ija ndinaiyambitsa ndine. Ndikunena pachiyambi pomwe kuti inu ana anga, Tadala ndi Yamikani, musamavutike kunditeteza anthu akamaikamba pamaliro kapena paukwati. Sakundinamizira. Ndipo amene akuyembekeza kuti m'masamba ano ndigwada n'kupepesa, angotseka bukuli akachite zina. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti zaka zonse zimene ndinkanena zoona m'wodi muja palibe anandimvera, koma bodza limodzi lokha linamveka mpaka kutsidya kwa malire.

Mayi anu amati khalidwe lopeka mabodzali ndinabadwa nalo, ndipo sakunama. Ndili ku sekondale ndinauza ana a Fomu 1 kuti mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini unamera pamanda, ndipo wodya mango ake amakodza pabedi mpaka kukwatira. Chaka chimenecho mango onse ndinadya ndine ndi anzanga awiri. Ahedi atamva anandipatsa dzenje loti ndikumbe, ndipo ndinalikumba ndikuyamwa mango. Mnyamata ameneyo sanafe ayi. Anangovala khoti loyera n'kupita kukagwira ntchito.

Chaka choyamba pantchito

Nditamaliza maphunziro a zamafupa ananditumiza ku chipatala china cha kuno ku Mulanje. Sindichitchula dzina, chifukwa ena mwa amene ndikuwanenawa akadali moyo ndipo pakhomo pano amapadziwa. Sindinali dokotala wamkulu. Ndinali m'gulu la ife amene timaphunzitsidwa kuwongola mafupa, kuika chikhakha, kutsuka mabala, ndi kudziwa wodwala woyenera kumutumiza ku Blantyre. Koma kwa anthu ndinali "a Mafupa," ndipo dzinali linandikakamira moti ngakhale mayi anu amandiitana choncho akakwiya.

Amene anandilandira tsiku loyamba ndi Mayi Chikopa, sisitala wamkulu wa wodi, mayi wamfupi amene nsapato zawo zinkamveka iwo asanatulukire. Ndinawafunsa kumene amasunga zitsulo zolemera zokokera miyendo, zija ndinaziona m'mabuku. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunditengera kuseri kwa chipatala kumene kunali mulu wa njerwa zotsala pomanga chimbudzi.

"Sankhani, achimwene," anatero. "Zonsezi n'zanu."

"Zitsulo zija bwanji?"

"Zikubwera. Ine ndinabwera ndili mtsikana, zinali panjira. Zikadali panjira."

Ndikufotokozereni ntchito ya njerwa, kuti mumve bwino zotsatirazi. Fupa la ntchafu likathyoka, minofu imakoka zidutswa ziwirizo n'kuzipitiriza, mwendo n'kufupika, ndipo nsonga za fupalo zimabaya mnofu mkati magazi n'kumatayika. Ndiye ife tinkalowetsa msomali wachitsulo pansi pa bondo, kumangapo chingwe, kuchidutsitsa kumiyendo kwa bedi, n'kupachika cholemera kuti chizikoka mwendo usana ndi usiku kwa masabata ambiri. Cholemeracho chikachoka, fupa limabwerera pomwe linali. Basi. Palibe zamatsenga. Mwana wa Sitandade 5 angamve.

China chimene ndinabwera nacho kusukulu ndi mawu a mphunzitsi wathu wina wokalamba, amene ankatimenya pamanja tikathamangira bala looneka. Ankati munthu akabwera wothyoka malo ambiri, fupa lotulukira panja ndi la achibale, kuti alire nalo. Lako iwe ndi limene silikuoneka. Yamba waona ngati akupuma, kenako funa kumene magazi akuthawira, uwatseke. Mafupa uwagwirizize kaye kuti asagwedezeke, kuwalumikiza bwinobwino kudzabwera munthu akapeza mphamvu. Wofuna kukonza zonse tsiku limodzi amakonza mtembo.

Zaka zimene kabaza wa njinga zamoto anayamba

Kale tinkalandira munthu wogwa mumtengo wa mapeyala, mkono umodzi basi, chikhakha, kwanu. Njinga zamoto zitadzaza msewu wa ku Chonde zinthu zinasintha. Anthu atatu panjinga imodzi, thumba la chimanga, mbuzi pamwamba, chipewa choteteza mutu chili lende pachiwongolero ngati chokongoletsa. Ankabwera othyoka ponseponse: ntchafu, nthiti, mkono, chiuno. Chikhakha chinkatha pakati pa mwezi. Makina ojambulira mafupa ankagwira ntchito akafuna. Ambulansi ikakhala ndi mafuta inalibe matayala, ikakhala ndi matayala dalaivala ali kumaliro. Zonsezi ndinkapirira. Chimene sindinathe kupirira ndi chifundo cha magadiyani.

Wodwala aliyense amabwera ndi gadiyani, m'bale womuphikira ndi kumusambitsa. Popanda iwo chipatala chikhoza kuima, ndikuvomereza. Koma ndinkati ndikalowa m'wodi m'mawa ndinkapeza chingwe chili lobodo, njerwa ili phee pampando.

"Mayi, njerwa ija yakwera bwanji pampando?"

"Amadandaula kuti ikulemera, a Mafupa. Ndangoipumitsa pang'ono."

"Mwaipumitsa? Njerwa yatopa?"

"Ayi, mwendowu."

Ndinafotokoza m'Chichewa. Ndinafotokoza m'Chilomwe changa chopunduka. Ndinathyola ndodo pamaso pawo n'kuonetsa mmene zidutswa zimapitirirana. Onse ankagwedeza mutu, "Zamveka, a Mafupa," ine nditangotembenuka njerwa pampando. Ina ndinaipeza yatchinga chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Ina mayi wina ankatsukira zidendene. Tsiku lina ndinapita kumalo ophikira magadiyani n'kupeza njerwa zanga zitatu zasanduka mafuwa, zili bii ndi mwaye, poto wa nyemba akubwadamuka pamwamba pake, eni miyendo ali m'wodi akufupika. Kalipentala wina wa ku Chinakanaka anatuluka mwendo umodzi uli wamfupi, chifukwa mkazi wake anali wachifundo kwambiri, ndipo iye anayenda msika wonse akuuza anthu kuti a Mafupa anamudula kachidutswa ka fupa n'kukagulitsa. Ine! Ndikanagulitsa mafupa ndikanakhala ndikuyenda panjinga yakapalasa mpaka kupuma ntchito?

Ndiye m'mawa wina ndinapezanso njerwa pampando, ndipo m'malo mokalipa, mnyamata wa mango uja anadzuka mwa ine. Ndinaima chilili. Ndinayang'ana njerwa, n'kuyang'ana mayi amene anaichotsa, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, mwaigwira ndi dzanja liti?"

"Ili. Bwanji kodi?"

"Ndi manja enieni? Osakulunga kansalu?"

Ndinapukusa mutu ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Ndinati njerwa imeneyi ntchito yake ndi kumwa kuthyoka kwa wodwala, kumatsika ndi chingwe n'kulowa mkati mwake. Woinyamula, kuthyokako kumasamukira pa mwendo wake. Ife achipatala timaigwira chifukwa tinabayidwa jekeseni yake kusukulu. Mayi aja anathamanga kukasamba m'manja ndi phulusa mpaka m'zigongono, ndipo pobwera anayenda mokhota kuilambalala njerwayo ngati ndi mphiri.

Mwina zikanathera pomwepo. Koma panali mnyamata wina wa ku Chonde, wodikirira bambo ake, wodziwa kuwerenga ndiponso wamatama. Anaseka, n'kunyamula njerwa pamaso pa anthu onse, n'kuvina nayo. Tsiku la msika lotsatira anagwa panjinga atanyamula makala, n'kuthyoka kakolo. Anabwera naye kwa ine ndemwe. Ana anga, sindinapempherere zimenezo, Mulungu ndi mboni. Koma ndinamuika chikhakha ndikuluma mlomo kuti ndisaphulike, magadiyani atadzaza pawindo.

Kuyambira pamenepo palibe anakhudzanso njerwa. Miyendo inayamba kupola yofanana. Ndinkayenda m'wodi ngati tambala. Mayi Chikopa okha ndi amene sanaseke. Anandikokera pakhonde n'kunena kuti, "A Mafupa, galu amene mukumuwetayu akukula. Adzayamba ndi inu." Ndinawayankha kuti galu wanga ndimamudziwa. Sindinkadziwa kuti bodza likatuluka pageti limakadya kwa anthu ena n'kubwera litanenepa. Pofika nyengo ya mvula, ku Chonde ankati njerwa za a Mafupa zimasunga kuthyoka kwa anthu onse amene anagonapo, ndipo zikakhuta zimasanzira mwa wodwala watsopano. Okolopa m'wodi ankakolopa mozungulira patali, pansi pa njerwa iliyonse pali kachilumba ka fumbi.

Nyengo ya zinanazi, tsiku la Estere

Anabwera naye masana, pagalimoto yapikapu, mvula ikuwaza. Dzina lake Estere, mayi wa ana awiri, wogulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu. Anakwera kabaza ndi dengu lake, lole n'kuwakankha pafupi ndi Chinakanaka. Woyendetsa njinga anangokalika pamphuno, monga zimakhalira nthawi zonse. Estere fupa la mkono linali litatulukira panja, ndipo achibale onse ankalozera pamenepo akulira. Ine ndinayang'ana kwina. Ntchafu yakumanja inali itatupa ngati mtsuko. Ankapuma modukiza chifukwa cha nthiti. Zikhatho zake zinali zotuwa, zozizira, mtima ukuthamanga, ndipo ankangopempha madzi. Nditagwira chiuno chake pang'ono chabe ndinamva chikusuntha ngati dengu lothyoka mkombero. Apo ndiye panali imfa. Chiuno chikathyoka chimatseguka, ndipo munthu amatha magazi onse mkati popanda dontho kugwa pansi.

Lamba wake womangira chiuno tinalibe, nayenso anali panjira. Ndinatenga chitenje cha Estere chomwe, n'kuchipinda, n'kumukulunga pamene miyendo imalumikizana ndi chiuno, ine ndi Mayi Chikopa n'kukoka mbali ndi mbali mpaka chiunocho chinatsekeka, n'kumanga mfundo. Tinamanganso mawondo pamodzi. Madiripi awiri, magazi amene analipo, ena anapereka mchimwene wake. Adokotala aakulu, mnyamata wofatsa amene anali asanakhalitse pachipatalapo, anamuyeza chifuwa ndi mimba, n'kunena kuti mapapo ali bwino. Tinagwirizana kuti ku Blantyre apita, koma osati lero. Msewu wokha ukanamumaliza. Ayambe wagwira magazi. Bala la pamkono tinalitsuka n'kuligwiriziza. Msomali ndinalowetsa pansi pa bondo, chingwe ndinamanga. Kenako ndinawerama n'kutola njerwa.

Mayi ake a Estere anakuwa ngati ndatola mpeni.

Pomwepo analowa atsibweni ake, a Zuze, eni mbumba, bambo wamtali wa majombo a kumunda wa tiyi. Banja lawo linachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kuno, ndipo a Zuze ndi amene anawolotsa mlongo wawoyo ali wamng'ono. Mawu awo m'banjamo sankabwezedwa.

"Epa! Sinyoro, njerwa imeneyo ayi," anatero, kunditchula bwana monga amanenera ku Mozambiki.

"Bambo, popanda iyi mwendowu upitiriza kutaya magazi mkati."

"Mwana wathu wathyoka kale malo anayi. Mukufuna kumuwonjezera za anthu ena? Yakhuta imeneyo. Taonani mmene yadera."

Inali imodzi mwa zija zinakhalapo mafuwa.

A Zuze anati galimoto ija ikadali panja, ndipo akumutenga kupita naye kwa sing'anga wina wa kufupi ndi malire, wodziwa kumanga mafupa ndi nsungwi. Sindinyoza anthu amenewo pa mkono wa mwana wogwa mumtengo. Koma ndinkadziwa chimene akanayamba kuchita: kumasula chitenje chija kuti atemere mphini ndi kusisita. Ndipo ngakhale asanafike kumeneko, mabampu a msewu akanagwedeza magazi amene anali atangoyamba kuundana m'chiunomo. Estere sakanaona dzuwa likulowa.

Apa ndiye panali povuta. Ndikaulula kuti ndinanama, mawa lake njerwa zonse za m'wodi zibwerera kukakhala mafuwa, miyendo ya anthu n'kufupikanso. Ndikapanda kuulula, mayiyu akwera pikapu. Ndinayang'ana mabedi onse aja ndi zingwe zawo zili nji, ntchito yanga yokongola. Ndinakweza mawu kuti wodi yonse imve.

"Tamverani nonse. Za njerwa zija ndinapeka ndine. Ndi bodza. Iyi ndi njerwa wamba, inatsala pomanga chimbudzi. Jekeseni kulibe."

"Jekeseni yanji?" anafunsa adokotala aakulu, amene nkhaniyi ankaimva koyamba.

"Ndikufotokozerani, bwana."

A Zuze anandiyang'ana mwachifundo, ngati mmene umayang'anira mwana wonama mosadziwa kunama. "Nanga mnyamata wa ku Chonde uja?"

"Anagwa yekha! Ananyamula makala ochuluka!"

"Ehe. Atagwira chiyani?"

Mayi Chikopa analowererapo. "Bambo, munthu uyu ndagwira naye ntchito zaka zambiri. Ndi wabodza. Ndikulumbira, ndi wabodza wotheratu." Sindinayambe ndamvapo munthu akundichitira umboni ndi mtima wonse chotero.

"Nonse munabayidwa," anatero a Zuze. "Muziikirana kumbuyo."

Mukuona zimene ndikunena? Ndinanena zoona zaka zonse, sanandikhulupirire. Ndinanama kamodzi, anandikhulupirira. Ndinaulula bodzalo, anati tsopano ndiye ndikunama. Ndinanyambita njerwa ija pamaso pawo, mwaye uli m'kamwa, magadiyani anangoti, "Mwaona mphamvu ya jekeseni?" Adokotala aakulu anayesa nawonso, mofatsa, mpaka kujambula chiuno papepala. A Zuze anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kutuma mchimwene wa Estere kuti akauze dalaivala abweze galimoto pafupi ndi khomo. Adokotala anandinong'oneza kuti munthu sitingamumange, achibale akakana akana, ndipo anawonjeza kuti ine ndi iwo tikambirana bwino nkhani ya jekeseni.

Ndinaima pakati pa bedi ndi khomo. Nzeru zinali zitandithera. Ndinangofunsa mwaukali, kuti ndichedwetse nthawi: "Nanga chitenjechi bwanji simukuchiopa? Si ine ndamanga?"

"Chitenjecho n'chake," anayankha mayi ake. "Chake sichingamulodze."

Anthu amati nzeru inatsatirayo inali yanga, ndipo kwa zaka zambiri sindinawatsutse. Koma m'buku lino ndinene zoona: inali ya Estere. Tonse tinkakangana pamwamba pake ngati palibe. Iye anatsegula maso, n'kulankhula motsitsa kwambiri moti a Zuze anachita kuwerama.

"Atsibweni... njerwa zanga. Zili pakhomo."

Zinapezeka kuti mayiyu chilimwe chonse ankaumba njerwa ndi manja ake, n'kuziwotcha, kuti amange nyumba yake ndi ana ake achoke m'nyumba yaudzu. Uvuni unali utaphwasulidwa kale, njerwa zili mulu kudikira mvula ithe. A Zuze anaganiza. Kenako anati chabwino, akazitenga okha. Koma anaika lamulo: mpaka abwere, chinthu chilichonse cha m'chipatala muno chisakoke mwendo wa mwana wawo. Osati njerwa, osati chigubu cha madzi, ngakhale kumangirira chingwe kubedi, chifukwa bedilo nalo lagonapo ambiri. Anasiya mlongo wawo pampando kuti aziyang'anira.

"Nanga dzanja la munthu?" ndinafunsa.

Anaganizanso. "Dzanja lilibe kanthu. Inu munabayidwa."

Choncho, ana anga, bambo anu, munthu wa satifiketi, ndinakhala njerwa. Ndinakulunga chingwe m'manja, n'kuima kumiyendo kwa bedi, n'kupendekera kumbuyo, kukoka mosalekeza, osawonjeza osachepetsa. Kwawo kwa Estere si kutali kwenikweni, koma mvula inakula, ndipo pikapu inatitimira m'matope. Ine ndili chiimire. Msana unayamba kuyaka moto, chingwe kudya zikhatho. Sindinadye masana amenewo, ndipo tiyi amene ndinamwa m'mawa anayamba kufuna njira yotulukira. Ndinapempha Mayi Chikopa kuti wina andilandire pang'ono. Anati onse ali ndi ntchito, zimene zinali zoona, chifukwa ntchito yanga yonse inagwera iwo. Ndinati basi andipatseko mpando.

"Njerwa sikhala pampando, a Mafupa. Munatiphunzitsa ndinu."

Odwala a m'mabedi ena anasangalala ngati kwabwera kanema. Mkulu wina wa ntchafu yothyoka, amene ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku, anadzutsa mutu n'kufunsa mokoma, "A Mafupa, njerwa yatopa? Tiipumitse?" Wodi yonse inafa ndi phwete, mpaka a nthiti zothyoka ankaseka akulira. Ndinawauza kuti aliyense amene waseka ndimuwonjezera sabata. Anasekanso.

Koma maso anga anali pa Estere. Botolo la magazi linatha, anaika lina. Mayi Chikopa ankabwera pafupipafupi kudzamugwira pamkono, nkhope ili gwa. Mayi ake ankamupukuta pamphumi akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'Chilomwe. Panali nthawi imene Estere anasiya kuyankha akamuitana, ndipo m'wodi monse kuseka kunatha. Pamenepo ndinaiwala msana. Ndinkangoganiza kuti mayiyu akapita, ana awiri aja adzakula akudziwa kuti mayi awo anachedwa kuthandizidwa chifukwa cha nthabwala za munthu wamkulu. Ndinakoka chingwe chija ngati ndikukoka iye mwini. Patapita nthawi Mayi Chikopa anamugwiranso, n'kugwira zala za kumapazi, n'kuyang'ana thumba la mkodzo limene linali louma chifikireni. Munali mutayamba kudontha. Anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi. Munthu wotha magazi sakodza. Sindinayambe ndasangalalapo ndi mkodzo wa munthu wina ngati tsiku limenelo, ngakhale wanga unali pafupi kundichititsa manyazi.

A Zuze anafika dzuwa litapendeka, wapansi, matope mpaka m'mawondo, thumba lili pamutu. Galimoto anaisiya m'matope momwemo. Anatula thumbalo mwaulemu n'kutulutsa njerwa zofiira bwino, zina zili ndi zidindo za zala za Estere m'mbali. Tinatuma munthu kukaziyeza pasikelo ya ana kuti tidziwe zingati zikwanira. A Zuze anazimanga okha pachingwe, ine n'kumasula manja pang'onopang'ono. Zala zinakana kuwongoka. Ndinatuluka m'wodi muja ndikuthamanga chopindika, ndipo kumene ndinkathamangira mukukudziwa.

Estere anagona ndi njerwa zake mpaka magazi anabwerera m'thupi. Atapeza mphamvu tinamutumiza ku Blantyre kumene anakamulumikiza ntchafu ndi mkono ndi zitsulo. A Zuze anaumirira kuti njerwazo zikwere nawo ambulansi, ndipo zinakwera. Lero amayenda, amatsimphina pang'ono kukazizira. Nyumba ija anamanga. Njerwa zija anaziika pamwamba pa chitseko, ndipo pamenepo pokha sanapake pulasitala. Zinanazi zimene munkadya kwambiri nthawi ina mpaka kutupa milomo, osadziwa kumene zikuchokera, zinali zake.

Sabata yotsatira

Mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Anthu a kwathu kuno simukuwadziwa. Nkhani inamveka kuti njerwa za chipatala ndi zoopsa koma ya kwanu ilibe vuto. Pofika Lolemba banja lililonse linali litabwera ndi cholemera chake. Njerwa zazikulu, njerwa zazing'ono, zidina zosawotcha zimene zinkanyenyeka pansi, mwala woperera, simbi ya makala, batire ya galimoto. Telala wina anabweretsa mutu wa makina osokera. Wina anapachika mwala woti ukanakokera wodwala wake kunja kwa bedi, wina kanjerwa koti sikangakoke ndi mwendo wa nkhuku womwe. Wodi inaoneka ngati msika wa zitsulo zakale.

Anandiitana ku ofesi. Adokotala aakulu anakhala uku, Mayi Chikopa uku, manja ali pachifuwa. Adokotala analankhula nthawi yaitali za ulemu wa ntchito yathu ndi za kukhulupirirana pakati pa chipatala ndi anthu, ndipo zonse zinali zoona. Anati mayi uja akanatha kufa. Zimenezo ndinkazidziwa kuposa iwo. Kenako anandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita.

"Bwana, ndikumva msana."

Mayi Chikopa anatsokomola n'kuyang'ana kudenga.

Chilango chinali patatu. Dzina langa linachotsedwa pa maphunziro ena a ku Blantyre amene ndinkayembekezera, kumene kunali kogona kwabwino ndi nyama tsiku lililonse. Chachiwiri, m'mawa uliwonse ndizipita kumalo ophikira magadiyani kukawauza zoona za njerwa. Chachitatu, cholemera chilichonse chobwera ndi achibale ndizikachiyeza ndekha ndisanachipachike. Ndipo sikelo yogwira ntchito pachipatala chonse inali imodzi, ya ana.

Za ku Blantyre zinandiwawa masiku awiri. Za kuuza anthu zoona ndinazichita mokhulupirika mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito. Ndinkaima pakati pa utsi n'kunena kuti, "Amayi ndi abambo, njerwa ilibe mankhwala. Ndinanama ndine." Iwo ankati, "Zamveka, a Mafupa," n'kumatsinzinirana. Palibe anachotsanso njerwa pachingwe, ndipo palibe anaba ya mnzake kukachita mafuwa, chifukwa njerwa ya kwanu umaidziwa ndipo umaiyang'anira. Musandifunse ngati chinagwira ntchito ndi choona kapena bodza. Ine ndinkangoyeza miyendo, ndipo inkatuluka yofanana.

Koma chimene ndinachikonda ndi sikelo. Anamwino a kumeneko, pouzidwa ndi Mayi Chikopa, anakana kundilowetsa kutsogolo. Ndinkakhala pabenchi pamzere ndi amayi a makanda, khoti langa loyera, njerwa ili pamiyendo. Sabata yoyamba ankandithawa. Yachiwiri anayamba kuseka. Yachitatu ndinagula kansalu n'kumaibereka kumbuyo, ndipo akamaimba nyimbo zawo za katemera ndinkaimba nawo mokweza kuposa onse, ndikuigwedeza kuti isalire. Adokotala aakulu anadutsa tsiku lina, anaima, anatsegula pakamwa, n'kungopitirira.

Mayi wina wachikulire, wobwera ndi mdzukulu wake, anandigwira paphewa n'kusuzumira kumbuyo kwanga.

"Wanenepatu mwana wanu, a Mafupa. Wayamba kuyenda?"

"Uyu sayenda, mayi," ndinatero ndikumukonza bwino pamsana. "Amangoyendetsa anzake. Tasunthani, yafika nthawi yathu."